Mwana akati, "Aphunzitsi, ine ndikufuna kukaphunzira zisudzo"

Mphunzitsi mnzanga, pasukulu iliyonse pamakhala mwana mmodzi amene anzake amamuunjirira nthawi ya buleki. Akayamba kutsanzira mayendedwe a ahedi, kapena mmene oitanira minibasi amakuwira padepoti, bwalo lonse limafa nacho chiseko. Mwana yemweyo ndi amene mumamupatsa mbali yaikulu pa sewero lotsekera teremu. Tsiku lina, mwina akumaliza Fomu 4 kapena Giredi 12, adzakupezani panokha n'kukuuzani kuti akufuna kukaphunzira zisudzo. Adzabwera kwa inu chifukwa kunyumba akuopa kusekedwa, komanso chifukwa m'dera lonselo munthu amene akumuyesa wodziwa za masukulu ndinu.

Yankho lanu lili ndi mtengo wake. Makolo akangomva kuti aphunzitsi avomereza, amagulitsa mbuzi, matumba a chimanga, pena ng'ombe imene. Mukangoti, "Zisiye izo, si ntchito," mwina mwatsekera mwana khomo lokhalo limene luso lake likanalowera. Mukangoti, "Pita," musanafufuze, mwina mwataya chuma cha banja m'madzi. Ndiye tiyeni tikambirane mmene mungamuthandizire kusankha.

Ine si katswiri wa pasiteji ayi. Ntchito yanga kwa zaka zoposa 25 yakhala yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, ndi kusula alangizi a sukulu za kwacha. Zisudzo ndinakumana nazo m'ntchito yomweyi, ndipo muyeso umene ndimayesera sukulu ya zisudzo ndinautenga komweko. Sukulu ya kwacha sitiiyesa ndi kukongola kwa chipinda kapena kukula kwa satifiketi. Timaiyesa pamene agogo awerenga okha malangizo a pabotolo la mankhwala, ndi pamene asayina dzina lawo m'malo modinda chala. Sukulu ya zisudzo nayonso imadziwika ndi zimene wophunzira amatha kuchita ndi thupi lake ndi mawu ake pamaso pa anthu enieni. Dzina la sukulu limabwera pambuyo.

Adzasewerera ndani?

Musanatchule sukulu iliyonse, mufunseni mwanayo kuti akadziona zaka 5 kutsogoloku akudziona ali pati, ndipo akumuonera ndani. Ana ambiri amangoti, "Pa TV." Musakhutire ndi yankho limeneli, chifukwa mawu akuti zisudzo akukuta ntchito zingapo zosiyana.

Wa pasiteji amafunika mawu ofika kwa munthu wakumbuyo kwenikweni kwa holo popanda chimkuzamawu, ndi thupi lotha kubwereza sewero lomwelo madzulo ndi madzulo osafooka. Wa pakamera amachita zosiyana: kamera imaona ngakhale kuphethira kwa diso, choncho zimene zimasangalatsa m'holo zimaoneka zokokomeza mufilimu. Wa pawailesi alibe nkhope, alibe manja. Ali ndi mawu okha, ndipo ayenera kuwerenga zolembedwa mosadodoma ngati kuti akuzilankhula kuchokera mumtima. Amene anakulira kumvera Kapalepale kapena Zimachitika akudziwa mmene mawu okha amamangira mudzi wathunthu m'mutu mwa munthu. Ndiye pali wa zisudzo za chitukuko, amene siteji yake ndi pansi pa mtengo wa mango ndipo luso lake lalikulu ndi kufunsa ndi kumvetsera.

Musaiwalenso ntchito za kuseri: kulemba sewero, kulitsogolera, kuyatsa magetsi, kusoka zovala, kusunga ndalama za pakhomo. Mwa anthu a zisudzo amene ndimawadziwa, amene amapeza chakudya chaka chonse ndi aja amene amatha ziwiri kapena zitatu mwa ntchito zimenezi. Mwana akadziwa kumene mtima wake ukulowera, masukulu ena amagwa okha pamndandanda.

Njira zitatu zimene zilipo

Njira yoyamba ndi yunivesite. Ku Malawi anthu ambiri amaganiza za Zomba, ndipo n'zomveka. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linayamba m'chaka cha 1970, ndipo m'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankatenga ophunzira awo kupita nawo m'midzi ya ku Liwonde kukapanga masewero a zaumoyo pamodzi ndi eni mudzi. Kuyambira mu 2021 koleji imeneyi ndi imene ikutchedwa University of Malawi. Ku South Africa zisudzo zimaphunzitsidwa ku Wits ku Johannesburg, ku University of Cape Town ndi ku Rhodes ku Makhanda. Ku Harare kuli University of Zimbabwe, ndipo ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane kwa amene amatha Chipwitikizi. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mwana amawerenga kwambiri, amaphunzira kufufuza ndi kulemba, ndipo digiri imamutsegulira makomo ena monga uphunzitsi, wailesi ndi mabungwe. Koma khomo lake ndi lopapatiza: popanda kukhoza bwino mayeso a MSCE kapena ofanana nawo, luso lokha silimulowetsa. Muuzeni zimenezi akadali Fomu 3, asanayambe kujomba masamu chifukwa cha sewero.

Njira yachiwiri ndi sukulu zimene zimangosula luso basi, tsiku lonse wophunzira ali chilili. Chitsanzo chodziwika m'chigawo chathu ndi Market Theatre Laboratory ku Newtown, mumzinda wa Johannesburg. Anaiyambitsa ndi Barney Simon ndi John Kani kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pofuna kuthandiza achinyamata aluso amene sakanatha kufika kuyunivesite. Maphunziro ake ndi a zaka 2, ndipo ophunzira amazolowera kupanga okha masewero kuchokera pa zimene aona m'moyo. Palinso masukulu omwe si aboma amene amatsamira ku filimu, monga AFDA, imene inayamba mu 1994. Masukulu otere amakhala ndi zipangizo, koma fizi yake si yamasewera.

Njira yachitatu ndi imene yasula ambiri mwa anthu amene timawatchula mayina: kulowa m'gulu la zisudzo n'kuphunzira uku ukugwira ntchito. Izeki ndi Jakobo, omwe mayina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, tinawadziwira mu Kwathu Drama Group. Du Chisiza Jr. anayambira pa mipikisano ya m'sukulu za sekondale, anakaphunzira ku America, n'kudzayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Gertrude Kamkwatira anasulidwa m'gulu limenelo, anadzalitsogolera Chisiza atamwalira mu 1999, kenako anayambitsa lake la Wanna-Do. Ku Bulawayo, Amakhosi ya Cont Mhlanga inayamba ngati kalabu ya karate ku Makokoba, n'kusanduka malo osulira achinyamata ambirimbiri. Ku Blantyre magulu monga Nanzikambe Arts ndi Solomonic Peacocks aphunzitsa achinyamata mwa njira yomweyi. Apa fizi ndi yochepa kapena palibiretu, ndipo oonerera alipo kuyambira pachiyambi. Vuto lake ndi lakuti mwana amaphunzira kachitidwe ka mtsogoleri mmodzi yekha, pepala lodziwika kuboma palibe, ndipo gulu likatha maphunzironso athera pomwepo.

Nanga timaphunziro ta masiku 3 kapena sabata imodzi timene mabungwe amakonza? Ndi tabwino, ndipo mwana akapeza mwayi apite. Koma timeneto ndi mchere. Munthu sagonera mchere wokha.

Palibe njira imene ili yabwino kwa aliyense. Mwana wokhoza m'kalasi amene amakonda kulemba, yunivesite imuyenera. Mwana amene thupi lake limalankhula kuposa cholembera, mwina gulu labwino kapena sukulu ya luso ndiye kwake. Ena amayamba ndi gulu, n'kudzapita kuyunivesite atakula. Ine amene ndaona amayi a zaka 60 akugwira pensulo koyamba sindikhulupirira kuti pali khomo la maphunziro limene limatsekeka mpaka kalekale.

Mafunso oti mufunse

Safunsa anadya phula. Kaya ndi yunivesite, kaya ndi gulu la m'tauni, mafunso ali m'munsiwa ndi omwewo. Lembani kalata, imbani foni, kapena tumani munthu amene ali kufupi. Sukulu yoona sikwiya ndi mafunso.

1. Pa sabata, ndi maola angati amene wophunzira amakhala chilili? Pemphani ndandanda ya maphunziro. Muonemo nthawi yosula mawu ndi kapumidwe, nthawi yosula thupi, ndi nthawi yoyeserera sewero. Kuchita zisudzo kuli ngati kupalasa njinga: notsi zokha sizikuyendetsa.

2. Amaphunzitsa ndani, ndipo iyeyo anachita, analemba kapena anatsogolera sewero liti posachedwa? Munthu wotchuka amene chithunzi chake chili pachikwangwani mwina amangobwera tsiku lotsegulira. Funsani za amene amakhala m'chipinda Lachiwiri m'mawa.

3. M'kalasi muli anthu angati? Mphunzitsi mmodzi sangakonze kaimidwe ndi katchulidwe ka anthu 80 nthawi imodzi. Inu amene mumaphunzitsa makalasi odzaza mukudziwa zimene zimachitikira mwana wakumbuyo.

4. Ophunzira amaonetsa kangati masewero kwa anthu akunja? Ngati n'kotheka, pitani ndi mwanayo mukaonere limodzi. Musayang'ane amene watenga mbali yaikulu. Katswiri wobadwa amawala paliponse. Yang'anani amene wangopatsidwa mizere iwiri. Ngati nayenso akumveka, akudziwa poima, ndipo akumvetsera anzake, pamenepo pali uphunzitsi.

5. Amene anamaliza zaka 3 zapitazo ali kuti? Pezani atatu mulankhule nawo, ndipo mmodzi akhale woti sukuluyo sinakusankhireni.

6. Ngati akulonjeza dipuloma kapena digiri, kodi boma likuwadziwa? Ku Malawi funsani ku National Council for Higher Education, ku Zambia ku Higher Education Authority, ku Zimbabwe ku ZIMCHE. Ku South Africa sukulu yomwe si yaboma iyenera kulembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba, ndipo pali mndandanda umene aliyense angaone. Onetsetsani kuti phunziro lenilenilo ndi lovomerezeka, osangoti dzina la sukulu. Gulu la zisudzo limene silikulonjeza pepala lotere silikunamiza munthu. Choipa ndi kugulitsa pepala lopanda ntchito.

7. Zonse pamodzi zidzakwana ndalama zingati? Fizi ndi gawo chabe. Werengerani lendi, chakudya, mayendedwe a usiku pochokera koyeserera, ndi ulendo wobwera kumudzi. Wopita ku South Africa afunika pasipoti, chilolezo chophunzirira ndi inshuwalansi ya zachipatala, ndipo kawirikawiri masatifiketi ake ayenera kuunikidwa kaye kumeneko. Muwerengere mpaka chaka chomaliza, mukukumbukira kuti kwacha imagwa. Mwana amene wabwerera pakati panjira wataya zonse, ndalama ndi mtima womwe.

8. Mwana akachitidwa zosayenera, akadandaula kwa yani? Funso ili musalilumphe, makamaka ngati ndi mtsikana. Zisudzo zimachitika madzulo, anthu amagwirana pathupi, amayenda maulendo ogona, ndipo munthu mmodzi ndi amene amagawa mbali. Mphamvu zotere zimafuna malamulo. Kumene angokuyankhani kuti, "Kuno tonse ndi banja limodzi," funsaninso kachiwiri.

Nkhani ya chiyankhulo

Pali funso lina limene ndalipatula chifukwa limandikhudza kwambiri: kodi mwanayo akaphunzira m'chiyankhulo chanji, ndipo zimene wachoka nazo kwawo akazilandira bwanji?

Mpikisano wa ATEM, umene unayamba mu 1969, wadzutsa luso la ana ambiri ku Malawi, ndipo tiyenera kuuyamika. Koma cholinga chake chinali kulimbikitsa Chingerezi. N'chifukwa chake ana ena amakula akuganiza kuti sewero lenileni ndi lija lokhala ndi mawu akuluakulu a Chingerezi otchulidwa mokuwa. Ndaonerapo mwana akulakatula ndime yonse osaphonya liwu, koma nkhope ili gwa, chifukwa sakumva zimene akunena. Mwana yemweyo mutamuuza kuti atsanzire azakhali ake akukalipira nkhuku yolowa m'nyumba, thupi lonse limadzuka.

Ife a sukulu za kwacha tinaphunzira kalekale kuti munthu amayamba kuwerenga ndi mawu a moyo wake: munda, ngongole, chitsime, mwana. Paulo Freire wa ku Brazil ndiye anatsindika zimenezi. Akakhazikika m'chiyankhulo chake, chachiwiri chimabwera mosavuta. Wa zisudzo nayenso ndi chimodzimodzi. Chingerezi achiphunzire ndithu, chifukwa chidzamufikitsa kutali. Koma sukulu imene imamuchititsa manyazi ndi kalankhulidwe ka kwawo ikumulanda chida chake chakuthwa kwambiri. Anzathu a ku University of Zambia anazindikira izi cha m'ma 1970 pamene anatcha bwalo lawo la zisudzo dzina lakuti Chikwakwa, chida chija timatchetchera udzu, n'kumayenda m'zigawo kukachita masewero m'ziyankhulo za anthu.

Tsono funsani ngati ophunzira amaloledwa kupanga masewero m'ziyankhulo zawo, ndiponso ngati nthano, nyimbo ndi magule zili ndi malo pandandanda. Funsaninso mmene amazilemekezera. Gule Wamkulu ndi Vimbuza, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2005, zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Mphunzitsi wabwino amaphunzitsa kupempha, osati kungotola chigoba n'kukwera nacho pasiteji.

Chikomekome cha mkuyu

Mayi wina amene anali m'kalasi langa la kwacha anali ndi mwana wamkazi waluso kwambiri. Mtsikanayo anaona chilengezo pafoni chakuti kukubwera anthu ofuna achinyamata okasewera mufilimu, koma ayambe alipira ndalama yolembetsera ndi ya maphunziro. Mayiyo anagulitsa mtedza umene anasungira fetereza. Maphunziro aja anachitika Loweruka kawiri m'holo yobwereka. Anawajambula zithunzi, anawauza kuti onse akhoza, n'kuwapatsa mapepala okhala ndi chidindo chagolide. Sabata yachitatu foni ija inali yozima. Chaka chimenecho banjalo linakolola theka la zimene limakolola, ndipo mtsikanayo sanafunenso kumva za sewero.

Anthu otere ali ndi zizindikiro zawo, ndipo muwaphunzitse ana anu kuzizindikira. Amalandira aliyense amene walipira. Amafuna ndalama asanaone n'komwe luso la mwana. Amalonjeza ntchito kapena ulendo wa kunja, chinthu chimene ngakhale sukulu zotchuka sizilonjeza. Amafulumizitsa kuti malo atsala awiri okha. Alibe malo okhazikika amene mungawapeze mwezi wamawa, koma nambala ya foni basi. Mukaona zitatu mwa zimenezi, bwezani chikwama m'thumba.

Kukonzekera mayeso olowera

Sukulu zambiri za luso, ndi mayunivesite ena, amafuna kuona mwana akuchita asanamulandire. Kawirikawiri amapempha tizidutswa tiwiri tatifupi, ta mphindi imodzi kapena ziwiri, tosiyana mtima: kena kolemera, kena kopepuka. Ena amawonjezera nyimbo kapena masewera a pagulu, ndipo ena amalola kutumiza vidiyo yojambula pafoni. Werengani bwino zimene sukuluyo yapempha ndipo mutsate zomwezo.

Apa inu mungathandize kwambiri ngakhale simunaphunzire zisudzo. Msankhireni mbali ya munthu wa msinkhu wake, osati nkhalamba ya ndodo imene ana amakonda kutsanzira. Mufunseni mafunso omwe mumafunsa pophunzitsa kumvetsa nkhani: Ukulankhula ndi yani? Ukufuna chiyani kwa iyeyo? Chikukuletsa n'chiyani? Akatha kuloweza, muuzeni achitenso mwa njira ina, monong'ona, kapena ngati akuuza mwana wodwala. Oyesa amakonda kuchita zimenezi kuti aone ngati munthu amamva malangizo n'kusintha. Woloweza ngati chinkhwe amagwa pomwepo.

Mumuuzenso kuti tsiku limenelo nayenso akukayesa sukuluyo. Aone mmene akulankhulira ndi amene alakwitsa. Aone zimbudzi ndi chipinda choyeserera. Acheze ndi ophunzira akale pamene aphunzitsi palibe. Ndipo akakanidwa, si mapeto. Malo amakhala ochepa, ndipo ambiri amalowa ulendo wachiwiri.

Kukhala pansi ndi makolo

Tsiku lina bambo a mwanayo adzabwera, chipewa chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, zoseketsa anthuzi mwana angadye nazo?" Musawanyoze, funso lawo ndi lanzeru. Auzeni zoona. M'maiko athu ndi ochepa amene amalandira malipiro a pamwezi chifukwa chosewera pokha. Ndalama imabwera mwa apo ndi apo: lero sewero la pawailesi, mawa ntchito ya bungwe, mwezi wotsatira zii. Auzeninso mbali inayo: munthu wosulidwa bwino m'zisudzo amatha kuima pagulu, kulemba, kutsogolera anzake ndi kusunga nthawi, ndipo zimenezi zimafunika m'kalasi, pawailesi ndi m'ntchito za chitukuko.

Malangizo amene ndimapereka kawirikawiri ndi awa. Mwana amalize kaye sukulu ndi mtima wonse. Kenako, banja lisanagulitse kanthu, akhale chaka chimodzi m'gulu la zisudzo lapafupi, lodziwika bwino. Akasese holo, akanyamule mabenchi, akaime pakhomo, akabwereze chigawo chimodzi kakhumi. Amene ankangofuna kutchuka amatopa isanathe miyezi 3, ndipo banja silinataye kanthu. Amene watsalabe pakutha pa chaka ndiye woyenera kumugulitsira mbuzi, ndipo pofika nthawiyo amakhala akudziwa yekha chimene akufuna kukaphunzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga inuyo?

Ena mwa inu mukuwerenga tsambali usiku, ana atagona, mukudziwa kuti amene akufuna maphunziro a zisudzo ndinu nomwe. Mwapatsidwa kalabu ya sewero popanda wokuonetsani poyambira, kapena mukufuna kugwiritsa ntchito masewero pophunzitsa. Dziwani kuti njira imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo inayambira pakati pa anthu a ntchito ngati yathu. Augusto Boal anakulitsa njira zake za zisudzo akugwira ntchito m'pologalamu yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ku Peru mu 1973. Ku Botswana, Laedza Batanani inayamba mu 1974 m'manja mwa aphunzitsi a akuluakulu ndi atsogoleri a m'midzi. Ku Lesotho, Zakes Mda anagwira ntchito yotere ndi gulu la Marotholi. Ndipo kuyambira mu 2008, Drama for Life ku Wits yakhala ikulandira ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa amene akufuna kugwiritsa ntchito zisudzo pa maphunziro, zaumoyo ndi kuchiza mitima.

Posankha maphunziro a mtundu umenewu, mafunso 8 aja agwirabe ntchito, koma onjezerani limodzi: kodi akuphunzitsa kupereka uthenga, kapena kudzutsa funso? Tonse tinaonerapo masewero aja amene gulu limatsika pagalimoto, kuseketsa anthu, kunena kuti "tizisamba m'manja," n'kukweranso galimoto. Anthu amaomba m'manja ndipo palibe chimasintha, chifukwa vuto lawo silinali kusadziwa. Mjigo ndi umene unafa.

Kalasi lina la kwacha limene ndinkayendera linali ndi dandaulo la sikelo za ogula mbewu. Mlangizi wawo, amene anaphunzira pang'ono njira zimenezi, sanawalembere sewero. Anangowafunsa kuti aonetse mmene zimakhalira pogulitsa. Mayi wina anakhala wogula, wina wogulitsa, mwala n'kukhala thumba la soya. Pamene wogula uja anatchula makilogalamu mothamanga n'kubisa sikelo ndi thupi lake, mlangizi anaimitsa sewero n'kufunsa kuti, "Pamenepa mukanatani?" Anthu analowa m'bwalo mmodzimmodzi kuyesa njira zawo. Wina anakalipa, zinakanika. Wina anachonderera, zinakanikanso. Kenako agogo ena anati, "Ine ndikanawerenga ndekha manambalawo." Masabata otsatira kalasi lonse linapempha kuphunzira kuwerenga sikelo, ndipo anagwirizana zokagulitsa ali awiriawiri. Maphunziro amene angakupatseni luso loimitsa sewero pamalo oyenera ndi kufunsa funso loyenera, amenewo ndiwo ofunika ndalama yanu.

Ngati simungathe kuchoka pantchito, musataye mtima. Funsani magulu okhazikika ngati amalandira aphunzitsi nthawi ya holide. Gwirizanani ndi anzanu a m'zoni mwanu kuitana munthu mmodzi wodziwa kuti adzakhale nanu masiku angapo, ndipo mumufunse mafunso omwe aja musanamulipire. Mutu umodzi susenza denga.

Zoti muchite

1. Ganizirani wophunzira mmodzi wa pasukulu panu amene ali ndi luso la zisudzo. Osalemba dzina lake, fotokozani m'ndime imodzi ntchito imene ingamuyenere mwa zija tatchula, ndi zifukwa zanu.

2. Pezani malo awiri ophunzitsa zisudzo amene mwana wa m'dera lanu angafikeko, amodzi akhale gulu la zisudzo. Afunseni mafunso osachepera 5 mwa mafunso 8 aja ndipo mulembe mayankho awo. Lembaninso funso limene anazemba kuyankha.

3. Werengerani ndalama zonse za chaka chimodzi pa amodzi mwa malowo, kenako muzisandutse matumba a chimanga pa mtengo wa kumsika kwanu. Chiwerengero chimenecho ndi chimene mudzakambirane ndi makolo.

Mayankho anu mupite nawo kumsonkhano wotsatira wa gulu lanu lophunzirira, mukayerekeze ndi a anzanu. Mukaphatikiza zimene aliyense wapeza, zoni yanu idzakhala ndi mndandanda wa malo ofufuzidwa kale, woti mphunzitsi aliyense atsegule mwana akadzagogoda.